Kukonza pobenthuka pa boti la fiberglass lonyezimira ndi metal flake

Boti la metal flake limadziwika patali. Dzuwa likaliwomba limathwanima ngati usipa wongovuulidwa kumene, ndipo mukaliyandikira mumaona timamba tambirimbiri titamira mkati mwa khungu loonekera ngati galasi. Kunyezimira kumeneku kunatchuka ndi maboti owedzera nsomba za bass ku America, monga a Ranger, kampani imene inayamba mu 1968 ku Flippin m'chigawo cha Arkansas, komanso a Skeeter, Triton ndi Nitro. Kummwera kwa Africa kuno maboti otere mumawaona pa madamu a ku South Africa monga Inanda ndi Albert Falls, ndi ku Zimbabwe pa Kariba ndi Darwendale.

Kukonza gel coat yoyera wamba, khungu losalala lakunja kwa boti la fiberglass, sikuvuta: mumathira, mumadikira, n'kukwecha mpaka pasalale. Pa flake, timamba tonyezimira tija, njira imeneyo imawononga boti, chifukwa sandipepa akangokhudza timamba, mtundu wake umachoka ndipo subwereranso. Ntchito yonse ili pa kuika timamba tatsopano pansi mokwanira, kuti pamwamba pake pakhale gel coat yoonekera yoti muikweche popanda kutifika.

Mmene khungu la botili linamangidwira

Boti la fiberglass amaliumba m'chikombole kuyambira kunja kupita mkati. Choyamba kupoperedwa ndi gel coat yopanda mtundu, yoonekera. Kenako amapopera gel coat yomweyo yosakaniza ndi flake. Kumbuyo kwake amaikako gel coat ya mtundu, kawirikawiri yakuda kapena yofanana ndi flake, yoti itseke mipata pakati pa timamba. Pomaliza ndi pamene pamabwera ulusi wa fiberglass ndi resin, madzi omata amene amauma n'kuulimbitsa, zimene zili mphamvu ya boti.

Inu mukukonza muli kunja, choncho mumanga magawo omwewo mobwerera: mtundu wapansi poyamba, flake pakati, yoonekera pamwamba. Malo ake ndi ochepa kwambiri. Gel coat wamba imakhala yochindikala pafupifupi theka la milimita. Ya flake imaposerapo chifukwa cha magawo atatuwo, koma gawo loonekera palokha ndi lopyapyala ngati mapepala awiri kapena atatu, ndipo pa boti limene lapolishidwa zaka zambiri latsala lochepa kuposa pamenepo.

Kamamba kalikonse ndi kapulasitiki ka polyester kokutidwa ndi aluminiyamu, pamwamba pake pali utoto wopyapyala. Kufiira kapena kubiriwira kumene mukuona ndi utoto umenewo. Mukaupala, patsala aluminiyamu yotuwa. N'chifukwa chake boti lofiira lokonzedwa mosasamala limakhala ndi chigamba cha siliva chozungulira, chimene ngakhale mupolishe tsiku lonse sichisintha.

Yambani ndi kudziwa kuya kwa bala

Tsukani malowo ndi sopo wotsukira mbale, muumitse, kenako nyowetsani pokalikapo ndi chala chamadzi. Mzere ukazimirira ndi madzi, ndiye kuti wathera m'gawo loonekera. Pamenepo simufunika gel coat konse: kwechani ndi sandipepa wa 1000 wonyowa, kenako 1500 ndi 2000 (nambala ikamakula, sandipepa amakhala wosalala kwambiri), mupolishe, basi.

Chikhadabo chikamakodwa mumzerewo koma timamba tapansi pake tikadali ndi mtundu wake, mudzazemo gel coat yoonekera yokha. Musayese kuuchotsa pokwecha, mufika pa flake mzere usanathe.

Timamba tikaoneka totuwa kapena titachokeratu n'kuonekera mtundu wakuda wapansi, pafunika flake ndi yoonekera. Ulusi wa fiberglass ukaonekera, pafunika magawo onse atatu.

Gogodani mozungulira ndi ndalama yachitsulo. Pamene pali bwino pamalira mokweza ndi mouma. Pamene ulusi walekana ndi resin pamalira mogonthera ngati mphika wong'aluka. Dinani ndi chala chachikulu. Pakalowa, kapena pakatuluka madzi, vuto si la khungu, ndi la thupi la boti, ndipo muyambe mwakonza fiberglass. Ming'alu yooneka ngati ukonde wa kangaude nayonso ili ndi mitundu iwiri. Imene inabwera chifukwa cha kugundidwa kamodzi, mwina pa doko kapena pokweza boti pa ngolo, imakonzeka. Imene ili pamalo amene amapindika nthawi zonse, monga pamakona a kumbuyo komangirira injini kapena pansi pa chitsulo chomangirira chingwe, idzabwerera pakangopita miyezi yochepa ngati simulimbitsa kuseri kwake.

Kupeza flake yofanana

Apa ndi pamene pamapita nthawi yambiri, ndipo ndi poyenera kupitadi. Flake amaigulitsa potengera kukula kwa kamamba mu mainchi: .004, .008, .015 ndi .025, kumene kuli pafupifupi mamilimita 0.1, 0.2, 0.4 ndi 0.6. Maboti ambiri a bass ali ndi .008 kapena .015, ndipo kawirikawiri si mtundu umodzi. Chimene chikuoneka chabuluu patali chikhoza kukhala buluu wosakaniza ndi siliva pang'ono ndi timamba takuda. Jambulani malowo ndi foni padzuwa, mukulitse chithunzicho, muwerenge timamba ta mtundu uliwonse m'kachigawo kamodzi. Mukapeza 8 tabuluu pa 2 tasiliva, kasakanizidwe kanu kayambire pamenepo.

Ngati botilo linapangidwa ku America kuyambira kumapeto kwa 1972, lili ndi nambala ya zilembo 12 yodindidwa kumbuyo, chakumanja. Nambala imeneyo mukaipereka kwa opanga kapena ogulitsa maboti a mtunduwo, nthawi zambiri amatha kukuuzani dzina la flake ndi gel coat zimene anagwiritsa ntchito. Koma kumbukirani kuti flake ya m'botolo ndi yatsopano, pamene ya pa boti yakhala padzuwa zaka. Tsegulani chivundikiro cha mosungira katundu muone mtundu wa mkati mmene dzuwa silifika, muufanizire ndi wa kunja. Kusiyana kukakhala kwakukulu, flake yofiira yatsopano mungaichepetse mphamvu ndi timamba tochepa tasiliva kapena tagolide.

Zonyezimira zogulitsidwa m'sitolo za zokongoletsera makadi ndi zikhadabo zimanyenga chifukwa n'zotchipa ndipo zimaoneka chimodzimodzi. Zambiri sizipirira styrene, mankhwala osungunulira amene ali mu gel coat: utoto wake umasungunuka, gel coat imasanduka ya mtundu, timamba timapindika. Yesani potsina pang'ono n'kuika mu acetone kwa mphindi 10. Acetone akasintha mtundu, musazigwiritse ntchito.

Musanakhudze boti, pangani chitsanzo pa kachidutswa ka fiberglass kapena ka galasi, ndi magawo onse atatu, mu dongosolo lomwe mudzatsate pa botilo. Chikauma chinyowetseni, muchigunditse pa boti panja masana, muchiyang'ane kuchokera kutsogolo, kumbuyo ndi pamwamba. Pansi pa nyali ya m'shedi flake iliyonse imaoneka yofanana ndi inzake. Pangani zitsanzo zitatu zosiyana kuchuluka kwa flake, mulembe muyeso wake kuseri. Mtundu wapansi umasinthanso maonekedwe kuposa mmene ambiri amaganizira: flake yomweyo pa wakuda imaoneka yozama, pa woyera imaoneka yosuluka.

Zofunika kukhala nazo pafupi

Gel coat yoonekera ya polyester yopangidwira maboti, yopanda phula, gel coat ya mtundu wapansi, nayonso yopanda phula, MEKP, amene ndi mankhwala oumitsira, flake, acetone, sirinji ya mililita 1 yoyezera MEKP ndi ina ya mamililita 10 kapena 20 yoyezera gel coat, timakapu ta pepala topanda phula mkati kapena ta pulasitiki yolimba, timitengo totakasira ndi totokosera m'mano, kaburashi kakang'ono kojambulira, tepi ya opaka penti, pepala la pulasitiki lolimba ndi losalala la mtundu wa Mylar, kapena PVA, madzi opopera amene amauma ngati kapulasitiki kopyapyala, kapena phula losungunulidwa mu styrene, malezala, sandipepa wa 80, 320, 400, 600, 800, 1000, 1500 ndi 2000, kathabwa kosalala kokulungirapo sandipepa, rubbing compound, amene ndi phala lochotsera timizere ta sandipepa, ndi polishi.

Resin wamba woumbira fiberglass musamuike m'malo mwa gel coat yoonekera. Amakhala woonekera tsiku loyamba koma dzuwa limamusandutsa wachikasu. Epoxy nayenso amachita chikasu padzuwa, ndipo gel coat siigwira bwino pamwamba pake. Onaninso tsiku limene gel coat inapangidwa: ikapitirira miyezi pafupifupi 6, makamaka itasungidwa motentha, imayamba kulimba m'chitini ndipo kaumidwe kake sikadalirika.

MEKP si wosewera naye. Dontho limodzi m'diso likhoza kukuchititsani khungu, choncho magalasi otchinga maso muwavale musanatsegule botolo, ndipo ndowa ya madzi oyera ikhale pafupi. Akakudontherani m'diso tsukani kwa mphindi 15 osalekeza, muthamangire kuchipatala. Musamusakanize mwachindunji ndi cobalt wofulumizitsira resin, zimaphulika. Valani magolovesi a nitrile ndi chophimba mphuno chosefa nthunzi ya mankhwala, osati kansalu ka fumbi. Fodya ndi mbaula zikhale kutali, acetone amayaka msanga kuposa mmene amaonekera.

Kukonzekeretsa bala

Boti likhale kunja kwa madzi, pamthunzi, ndipo ngati ulusi unaonekera lisiyeni liume masiku angapo. Chinyezi chotsekeredwa pansi pa gel coat chimaichititsa kuoneka ngati mkaka, kapena kutukusira pambuyo pake.

Chotsani phula ndi polishi wakale musanakweche, osati mutakwecha. Mukayamba ndi sandipepa mumakankhira phula m'timizere, ndipo gel coat yatsopano imathawa pamenepo n'kusiya timaenje tozungulira ngati maso a nsomba. Pukutani ndi nsalu ya acetone mopita mbali imodzi, nthawi yomweyo mutsatize ndi nsalu ina youma. Bwerezani kawiri ndi nsalu zatsopano. Yambani mwayesa acetone pobisika: gel coat yeniyeni siisintha, koma ngati wina anapoperapo penti ya galimoto, ikhoza kufewa n'kumata, ndipo zikatero gel coat singaikidwe pamwamba pake.

Matani tepi mozungulira, kusiya mpata wa masentimita 2 kapena 3 kuchokera m'mphepete mwa bala. Chotsani zonse zogwedera ndi nsonga ya mpeni. Mng'alu muutsegule ndi kamakina ka Dremel kapena ndi ngodya ya chitsulo chakuthwa kuti ukhale ngati chilembo cha V, mpaka pamene wathera, chifukwa gel coat singalowe mumng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Mkati mwa dzenje kwechani ndi 80 kuti pakhale pogwira.

Pa gel coat wamba amalangiza kusendeza m'mphepete motalika kuti chigamba chilowerere. Pa flake kusendeza kotero kumadula timamba tambiri n'kupanga mkombero waukulu wasiliva. Pamene mpeni ukudutsa gawo la flake, dulani motsetsereka pang'ono chabe, pafupifupi madigiri 45, kuti mkomberowo ukhale wopyapyala woti timamba tatsopano tiubise. Gawo loonekera lozungulira bala, mpaka pa tepi, lipaleni mopepuka ndi 320 kapena 400 kuti lingosiya kuwala. Timizere timeneto tidzazimirira gel coat yatsopano ikatidzaza. Uzirani fumbi, pukutaninso ndi acetone, mudikire mphindi 10 kuti aume.

Tsopano goneketsani lezala kapena rula yachitsulo modutsa pa dzenje, muone mpata wa pansi pake. Mpata umenewo ndiwo chuma chanu chonse, ndipo uyenera kukwanira magawo atatu. Ngati ndi wosakwana theka la milimita ndipo flake yanu ndi .015, kumbani pang'ono kuti dzenje lizame. Zimamveka zobwerera m'mbuyo, koma kamamba ka mamilimita 0.4 kakaima chopendekeka m'dzenje losaya kamatulukira pamwamba.

Kusakaniza

Muyeso wa MEKP ndi 1.5 mpaka 2 peresenti ya gel coat. Pa mamililita 10 a gel coat, ndi mamililita 0.15 mpaka 0.2. Kuwerenga madontho kumasocheretsa chifukwa kukula kwa dontho kumatengera kamwa ya botolo. Sirinji ndiyo yodalirika. Musatsike pansi pa 1 peresenti, gel coat siidzalimba bwino mpaka kalekale. Musapitirire 3 peresenti poganiza kuti iuma msanga: imachita chikasu, imatuluka timabowo, imakhala yophwanyika.

Kutentha kwabwino ndi pakati pa madigiri 18 ndi 28. Pa madigiri 25 muli ndi mphindi 10 mpaka 15 gel coat isanayambe kugwirana m'kapu. M'mphepete mwa Kariba kapena kunyanja ku Mangochi mu October, pamene kutentha kumapitirira madigiri 35, nthawi imeneyo imatsika kwambiri. Gwirani ntchito m'mamawa mame atauma, muike 1.5 peresenti, musakanize yochepa nthawi iliyonse. M'mawa wa June ku Johannesburg vuto ndi linalo: pansi pa madigiri 15 gel coat siiuma bwino ngakhale muwonjezere MEKP, ndiye dikirani masana kapena fundizani khungu la boti ndi nyali mpaka limveke lofunda pa dzanja. Chofunika ndi kutentha kwa boti lenilenilo, osati kwa mpweya. Mbali yakuda imene yakhala padzuwa ikhoza kutentha moti gel coat n'kugwirana musanaiyale.

Takasani kwa mphindi yathunthu, mopalira m'mbali ndi pansi pa kapu, koma modekha. Kutakasa ngati mukumenya mazira kumalowetsa mpweya, ndipo m'gel coat yoonekera kathovu kalikonse kamaoneka.

Gawo lapansi

Ngati dzenje ndi lozama kupitirira mamilimita 2, yambani mwalidzaza ndi gel coat ya mtundu yolimbitsidwa ndi ufa wa silica, wodziwika ndi maina a Aerosil kapena Cab-O-Sil, mpaka ikhale ngati phala lolimba. Ufa umenewu musauike m'gel coat yoonekera, umaichititsa chifunga. Lekezani pafupifupi milimita imodzi pansi pa khungu la boti.

Ngati dzenje ndi losaya, pakani mtundu wapansi ndi kaburashi, wongokwanira kubisa ulusi. Usakwere m'mphepete kufika pa gawo loonekera, apo ayi mudzakhala ndi mzere wakuda wozungulira chigamba. Ukakwera, upukuteni ndi kansalu kokulunga pa kamtengo usanaume.

Dikirani mpaka pofika poti chala cha golovesi chikusiya chidindo koma osatenga utoto, kawirikawiri mphindi 30 mpaka 60. Popeza mulibe phula, pamwamba pamakhalabe pomata, ndipo kumata kumeneko ndi kumene kumagwirizanitsa gawo lotsatira popanda kukwecha. Mukafulumira kuthira gawo lachiwiri loyamba lisanalimbe, makamaka ngati loyambalo ndi lopyapyala kwambiri, styrene wa lachiwiri amalidya, ndipo limakwinyika ngati khungu la ng'ona.

Kuika timamba

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusakaniza flake m'gel coat yoonekera, kenako MEKP pomaliza. Poyambira pabwino ndi kota ya sipuni ya tiyi pa mamililita 10, koma muyeso weniweni ndi umene chitsanzo chanu chinakupatsani. Flake imamira msanga m'kapu, choncho takasani nthawi iliyonse musanatape. Donthezani ndi kamtengo kotokosera m'mano, muyale mopyapyala. Njirayi ndi yabwino pa timizere ndi pa flake yaing'ono ya .008.

Yachiwiri, imene imapereka zotsatira zabwino pa .015 ndi kupitirira apo, ndi kupaka gel coat yoonekera mopyapyala kwambiri, n'kuwazapo flake youma. Pamalo ogona tsinani ndi zala muwaze kuchokera m'mwamba pang'ono ngati mchere. Pambali poimirira ikani flake pa kapepala kopinda, muuzire pang'onopang'ono kudzera m'kapaipi komwera zakumwa. Kenako ikani kapulasitiki pamwamba, musindikize mopepuka ndi chala kuti timamba tigone, muchotse kapulasitikiko mosamala.

Kugona kwa timamba ndi kumene kumasiyanitsa chigamba chooneka ndi chosaoneka. Ku fakitale flake inapoperedwa pa khoma losalala la chikombole, choncho timamba tambiri tinagona chafufumimba, tonse tikubweza kuwala mbali imodzi. Timamba toima cham'mbali sitibweza kuwala, ndiye chigamba chimaoneka chakuda mukachiyang'ana kuchokera kwina, ngakhale mtundu uli wolondola. Tengani kamtengo ndi galasi lokulitsa, mugonetse toimirira, musunthire tina pamwamba pa mkombero wasiliva uja kuti ubisike. M'mphepete musapange mzere wowongoka. Timamba tizilowerera mwa apo ndi apo monga tilili pa boti lonse.

Cholakwa chofala ndi kuchulutsa. Yang'anani chithunzi chija: pa maboti ambiri mtundu wapansi umaonekera pakati pa timamba. Mukatseka mipata yonse, chigamba chimawala kuposa pozungulira ngati ndalama yomatidwa pa boti. Kuchepetsa kuli bwino, chifukwa mungathe kuwonjezera pa gawo lotsatira, pamene kuchotsa kumafuna kukumba zonse.

Gawoli likayamba kulimba, dutsitsaninso lezala pamwamba. Isakhudze kamamba ngakhale kamodzi. Kamene kakukhudza kazuleni ndi nsonga ya singano tsopano, gel coat ikadali yofewa.

Kutseka ndi yoonekera

Pakani magawo awiri kapena atatu a gel coat yoonekera, lililonse pafupifupi kota ya milimita, kudikira kuti lililonse lifike pomata musanaike linzake. Lomaliza lituluke pamwamba pa khungu la boti pang'ono ndipo lifalikire pa malo onse amene munapala ndi 320. Polyester amanyala akamauma. Chimene chili chofanana ndi pozungulira chikadali chonyowa, mawa chidzakhala kadzenje. Koma musaunjike mulu umodzi wochindikala, umatentha mkati, umachita chikasu, nthawi zina umang'aluka. Timathovu mukationa tibooleni ndi singano nthawi yomweyo.

Gel coat yopanda phula siiuma pamwamba ikamakhudzana ndi mpweya, choncho gawo lomaliza liyenera kutsekedwa. Pa bala laling'ono pamalo osalala, pepala la Mylar ndilo labwino koposa: limateni ndi tepi m'munsi mwa bala, muligudubuze mokwera kuti mpweya uthawire kumwamba, musalaze ndi khadi lapulasitiki mopepuka, mumate mbali zotsala. Limathandizanso kuti gel coat isayenderere pambali poimirira. Pamalo opindika pamene pepala likukwinyika, sakanizani phula la mu styrene m'gawo lomaliza lokha, motsatira muyeso wa pa botolo, umene kawirikawiri uli pakati pa 2 ndi 4 peresenti, kapena poperani PVA gel coat itayamba kugwirana. PVA amachoka ndi madzi ofunda. Mapepala ofewa okulungira chakudya amasiya makwinya amene mudzavutika kuwakwecha.

Chotsani tepi ya m'mbali gel coat itagwirana koma isanalimbitsitse, kuti isakamirire pansi pake. Zotsala m'kapu zimatentha kwambiri zikamauma. Ikani kapuyo panja pa dothi, osati m'bini ya nsanza.

Siyani usiku wonse, ndipo maola 48 ndi abwino kuposa 24, chifukwa kunyala kumapitirira. Tsiku lachiwiri kuika boti padzuwa kumathandiza kumaliza kuuma. Dinani ndi chikhadabo: chisasiye chizindikiro. Pakakhala pomata pamwamba pokha, mpweya unalowa. Pukutani ndi acetone, pansi pake mupeza polimba. Pakakhala pofewa mpaka mkati ngati labala, MEKP anachepa, anali wakale kapena sanatakasidwe bwino, ndipo palibe chochitira koma kukumba n'kuyambanso.

Kusalaza

Kulungani tepi kunsonga zonse ziwiri za lezala, kusiya pakati poyera. Igwireni choimirira, muzipala mulu wa gel coat. Tepi imayenda pa khungu lakale osalikala, ndipo lezala imasiya kudula mulu ukatsala wochindikala ngati tepiyo. Njirayi imateteza gawo loonekera lakale lozungulira, limene ndi lopyapyala kuposa chigamba chanu ndipo ndi limene anthu ambiri amaboola.

Khwatchani malowo ndi pensulo, mukweche ndi 400 wonyowa wokulungidwa pa kathabwa kakang'ono, kosaposa bokosi la machesi. Ndi zala zokha ayi: zala zimatsata dzenje ndi chitunda m'malo mozisalaza. Pamene pensulo yatsala ndi potsika. Mukangofanana ndi pozungulira, siyani 400, mupite ku 600, 800, 1000, 1500 ndi 2000, uliwonse ukufalikira patsogolo pang'ono ndipo ukuyenda mopingasa mizere ya unzake kuti muone ngati yatha. Dontho la sopo m'madzi limathandiza sandipepa kuti asatsekeke.

Maso akhale pa madzi otsika. Madziwo akhale oyera ngati mkaka. Mukangoona kanthu konyezimira kapena ka mtundu m'madzimo, imani pomwepo, mwafika pa flake. Ngati timamba sitinatuwe, pukutani, palani mopepuka, muthirenso yoonekera. Ngati tatuwa pang'ono, wazanipo timamba tochepa tatsopano musanatseke. Pa mizere yakuthwa ya boti ndi pamakona matanipo tepi, musakwechepo ndi chilichonse chokhakhala kuposa 1000, chifukwa gel coat imapyapyala pamenepo kuchokera ku fakitale komwe.

Timabowo tating'ono tikatulukira pokwecha, titsukeni ndi acetone kuti fumbi loyera lichoke mkati, apo ayi lidzakhala ngati timadontho toyera mpaka kale. Tidzazeni ndi nsonga ya singano, muphimbe, mudikire, mukwechenso.

Pomaliza pakani rubbing compound, monga wa 3M kapena Farécla, ndi makina opolishira okhala ndi chiguduli chaubweya, pa liwiro lozungulira maulendo 1500 mpaka 1800 pa mphindi. Makina asaime pamodzi. Gwirani khungu la boti ndi kuseri kwa dzanja pafupipafupi. Likatentha moti simungapirire, dikirani, chifukwa kutentha kumafewetsa chigamba chatsopano n'kutulutsa mzere m'mphepete mwake. Pa bala longa ndalama, nsalu ndi dzanja zimakwanira, kungoti zimatenga nthawi. Tsatizani polishi wosalala. Ngati pozungulira pali pofwifwa ndi dzuwa, polishani mbali yonseyo, apo ayi chigamba chidzadziwika ndi kuwala kwake.

Bala likakula kuposa chikhatho

Burashi ndi kamtengo zimathera pa bala la masentimita ochepa. Lokulirapo limafuna kupopera, ndi mfuti ya penti ya kamwa yaikulu, mamilimita 2 mpaka 2.5, kuti flake ya .015 idutse. Timabotolo topoperera ta Preval timadutsa flake yaing'ono yokha ndipo timatsekeka msanga. Gel coat yopopera imafuna kusungunulidwa. Acetone si wabwino pa ntchitoyi chifukwa amasiya timabowo ndi kuchotsa kuwala. Styrene pang'ono, osapitirira 5 peresenti, kapena Duratec High Gloss Additive wosakanizidwa theka ndi theka, amene amathandizanso kuti iume popanda phula, ndi zimene zimagwira.

Okonza ena amatseka flake ndi clear ya galimoto ya 2K, penti yoonekera yosakaniza ndi mankhwala oumitsira, m'malo mwa gel coat. Imayala bwino, siichita chikasu msanga, ndipo pa boti lokhala pa ngolo, pamwamba pa mzere wa madzi, imakhalitsa. Kuipa kwake n'kwakuti ndi yopyapyala, siipirira kukhala m'madzi masabata, ndipo wodzakonza pambuyo panu sadzatha kuikapo gel coat asanaichotse yonse. Pansi pa boti ndi pamsana pake pamene pamakhuzika pa mchenga, khalani pa gel coat.

Boti limene khungu lake lonse likumveka lokhakhala ngati sandipepa mukalisisita, ndipo timamba tatuwa paliponse pamwamba, gawo lake loonekera linatha ndi dzuwa. Kupolisha kumangowonjezera kutuwako. Limafuna kupoperedwanso lonse.

Chigamba chaching'ono chouma bwino chingalowe m'madzi pakatha masiku awiri kapena atatu. Phula lotetezera ku dzuwa dikirani sabata imodzi musanapake, ndipo flake yotsala muisunge m'kabotolo kotseka, mutalembapo muyeso wa kasakanizidwe ndi mtundu wapansi umene munagwiritsa ntchito.